Mzinda Kaye, Kumudzi Pambuyo: Kukonza Tchuthi cha Banja Choti Musabwereko Muli Wefuwefu

Mabanja ambiri amene amafuna kuona mzinda waukulu n'kukapumanso kumudzi wachilendo pa ulendo umodzi amapunthwa pa mwala umodzimodzi. Mumzinda amathamanga ngati wina akuwapirikitsa: tsiku limodzi malo asanu, ana akulira, agogo mapazi atatupa. Akafika kumudzi kumene ankati akapumuleko, mndandanda udakali m'manja, maso pa wotchi. Ndiye pali tsiku la pakati, losamuka kuchoka mumzinda kupita kumudziko, limene palibe amene amaliwerengera, chonsecho ndi limene limayambanitsa anthu. Malangizowa ndi a ulendo wa masiku 8 mpaka 10, wa banja lokhala ndi ana, mwinanso ndi munthu wachikulire mmodzi. Masiku akakhala ochepa, chepetsani malo okaona, osati maola ogona.

## Zoti mukhale nazo musananyamuke

- Pasipoti ya aliyense, ngakhale khanda, ndi viza ngati dzikolo limafuna
- Zikalata za kubadwa za ana, ndi kalata yachilolezo ya kholo lotsala ngati ana akuyenda ndi kholo limodzi
- Inshuwalansi ya paulendo yolipira chipatala
- Makadi awiri a banki, osungidwa m'zikwama zosiyana, ndi ndalama zina m'manja za dziko lomwe mukupitalo
- Foni yokhala ndi mapu otsitsiratu, chaja, power bank, ndi pulagi yolowa m'masoketi a kumeneko
- Kachikwama ka mankhwala: paracetamol wa ana ndi wa akulu, mapulasitala, mapaketi a ORS, mankhwala odzola othamangitsa udzudzu, ndi mankhwala onse amene wina amamwa tsiku ndi tsiku, okwanira ulendo wonse ndi masiku ena owonjezera
- Nsapato zoyendera zimene zinazolowera kale phazi
- Tochi, jekete lopepuka la mvula, ndi botolo la madzi la aliyense
- Pepala limodzi losindikiza, lokhala ndi maadiresi onse ogona, manambala a foni ndi nthawi za mabasi kapena sitima

Pepala lomalizali anthu amaliseka, mpaka tsiku limene foni yathima pa siteshoni.

## Masitepe ake

### 1. Gawani masiku musanagule tikiti iliyonse

Tengani pepala, lembani masiku onse mzere pa mzere. Pa ulendo wa masiku 9 ine ndimagawa motere: atatu mumzinda, limodzi losamuka, anayi kumudzi, lomaliza lobwerera kukagona pafupi ndi bwalo la ndege kapena siteshoni.

Yambani ndi mzinda. Mzinda umafuna mphamvu, kudzuka m'mamawa, kuima pamzere ndi kukwera masitepe, ndipo mphamvuzo mumakhala nazo kumayambiriro. Komanso chilichonse chimene munaiwala kunyumba, kaya ndi chaja, kaya ndi chipewa cha mwana, mumzinda mudzachigula. Mukayamba ndi kumudzi, mpumulo wonse munaupeza uja umakathera m'mizere ya mumzinda, n'kubwerera kunyumba muli otopa kuposa mmene munachokera.

Chenjezo: tsiku lofika musaliwerengere ngati tsiku loona malo. Ngati mwadutsa mayiko osiyana maola, thupi limafuna pafupifupi tsiku limodzi pa ola lililonse la kusiyanako kuti lizolowere. Tsiku limenelo yendani pang'ono pafupi ndi pogona, idyani, gonani.

### 2. Malizani za zikalata ndi za chipatala

Tsegulani pasipoti iliyonse muone tsiku lothera. Mayiko ambiri amafuna kuti ikhale ndi miyezi 6 yotsala. Mayiko a ku Ulaya a m'chigawo cha Schengen amafuna miyezi itatu kuchokera tsiku limene mudzatuluke, komanso kuti pasipotiyo inaperekedwa m'zaka 10 zapitazi. Ya mwana ndi imene imagwetsa anthu, chifukwa m'mayiko ambiri imatha msanga kuposa ya wamkulu, kawirikawiri pa zaka 5. Makolo amangoyang'ana zawo n'kuganiza kuti zonse zili bwino.

Kaonaneni ndi dokotala kukadali masabata 4 mpaka 6. Mayiko ena amafuna khadi la katemera wa yellow fever, ndipo khadilo limayamba kugwira ntchito pakapita masiku 10 chibayitsireni. Chabwino chake n'chakuti kuyambira mu 2016 katemerayu amawerengedwa wa moyo wonse. Ngati kumudzi mukupitako kuli malungo, mankhwala oteteza amayamba kumwedwa musananyamuke, ena kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, ena masabata awiri kapena kuposerapo.

Chenjezo: mwana wosakwana zaka 16 musam'patse aspirin pokhapokha dokotala atanena.

### 3. Sankhani mudzi umodzi, pogona pamodzi

Apa ndi pamene ndimakangana ndi anzanga. Amaona pa mapu midzi inayi yokongola yoyandikana, ndiye amafuna kugona usiku umodzi uliwonse. Musatero. Kusamuka kulikonse kumadya theka la tsiku: kulongedza, kufunafuna sokosi ya mwana pansi pa bedi, kudikira kuti chipinda cha kwinako chikonzedwe. Sankhani mudzi umodzi mukhazikike, midzi inayo muzikaiona masana n'kubwerera.

Posankha, dzifunseni mafunso awa. Kuchoka mumzinda ndi maola angati? Ndi ana aang'ono, osapitirira atatu. Kodi pali sitolo yofikako wapansi? Chipatala chapafupi chili mtunda wanji? Nanga basi imadutsa kangati patsiku, ndipo Lamlungu imadutsa n'komwe?

Kenako lemberani mwini nyumba mumufunse zimene zithunzi sizionetsa: ngati pali khichini ndi firiji, ngati madzi a pampopi ndi akumwa, ngati netiweki ya foni imagwira, ngati msewu wolowera umadutsika mvula ikagwa, ndiponso ngati pali masitepe ambiri, chifukwa cha agogo. Ngati pafupi pali dziwe, mtsinje kapena chitsime, funsani ngati ndi potchingidwa. Safunsa anadya phula. Mwini nyumba akamazengereza kuyankha mafunso osavuta ngati awa musanalipire, mukadzalipira sadzafulumira.

Mumzinda lamulo lake ndi lina. Gonani pafupi ndi siteshoni ya sitima kapena ya basi, ngakhale chipinda chikhale chaching'ono. Hotela yotchipa ya kunja kwa mzinda imakubwezerani ndalama n'kukulandani maola awiri tsiku lililonse, komanso mwayi wobwerera kukagoneka mwana masana.

### 4. Mumzinda, chachikulu chikhale chimodzi patsiku

Aliyense m'banja atchule chinthu chimodzi chimene sangabwerere asanachione, ngakhale mwana wa zaka 5. Zimenezo ndiye mafupa a ulendo. Zina zonse ndi zongowonjezera zikatheka.

Tsiku lililonse likhale ndi chinthu chachikulu chimodzi m'mawa, monga nyumba yosungiramo zinthu zakale, nsanja, kapena malo osungira nyama. Fikani akamatsegula, anthu asanachuluke. Mukadya masana, pumulani ola limodzi kapena awiri. Madzulo chitani chinthu chopepuka chosafuna tikiti: paki, msika, kuyenda m'mbali mwa mtsinje, kapena kungokwera basi yamumzinda ana akhale pawindo.

Matikiti a malo otchuka gulirani pa intaneti, pa tsamba la malowo lenileni, chifukwa ambiri masiku ano amapereka ola lolowera. Onetsetsaninso tsiku lotseka. Ku Paris, nyumba yoonetsera zinthu ya Louvre imatseka Lachiwiri pomwe inzake ya Musée d'Orsay imatseka Lolemba. Nyumba zosungiramo zinthu zakale za ku Vatican zimatseka Lamlungu, kupatula Lamlungu lomaliza la mwezi. M'mizinda yambiri Lolemba ndi tsiku lokayikitsa, choncho liikeni la paki kapena la msika.

Mwana wamng'ono m'nyumba yoonetsera zinthu amapirira ola limodzi, akalimba ola ndi theka. Musalimbane naye. Sankhani zipinda zitatu, mum'patse ntchito yofufuza, monga kuwerenga akavalo a m'zithunzi kapena kupeza chifanizo chopanda mphuno, kenako tulukani asanayambe kugona pansi. Mukakhala akuluakulu awiri, sinthanani: wina atsale mkati, wina atuluke ndi ana, mawa musinthe.

Chenjezo: mapu a pa foni akanena kuti ndi mphindi 15 wapansi, amawerengera munthu wamkulu woyenda pafupifupi makilomita 5 pa ola. Ndi mwana wa zaka zinayi kapena agogo, chulukitsani kawiri.

Chenjezo lina: musanatuluke m'mawa, jambulani mwana aliyense mmene wavalira, ndipo muike kapepala ka nambala yanu ndi dzina la hotela m'thumba mwake. Muuzeni kuti akakusowani aime pomwepo, asakufunefuneni. Pokwera sitima, wamkulu mmodzi atsogole, wina atsirize, ana pakati, chifukwa zitseko sizidikira munthu. Nambala ya ngozi muidziwiretu: m'mayiko a European Union ndi 112, ku United States ndi Canada ndi 911.

### 5. Galimoto yobwereka muitenge tsiku lotuluka mumzinda

Mumzinda galimoto ndi katundu. Poimika pamavuta, ndipo malo ena amalipiritsa kapena kuletsa kulowa pakati pa mzinda. London inayamba kulipiritsa magalimoto olowa pakati pake mu 2003. M'mizinda yakale ya ku Italy monga Florence muli misewu yolembedwa ZTL yomwe mlendo saloledwa kulowamo ndi galimoto, ndipo makamera amajambula nambala, chindapusa n'kukupezani kunyumba patapita miyezi. Yendani pa basi ndi sitima, galimoto mukaitenge m'mawa wa tsiku losamuka, makamaka pa ofesi ya m'mphepete mwa mzinda.

Posungitsa galimoto nenerani za mipando ya ana, musaganize kuti mukaipeza. Fufuzani ngati laisensi yanu ikufunika kuperekezedwa ndi chiphaso choyendetsera cha mayiko onse, komanso ngati kumeneko amayenda kumanja kapena kumanzere kwa msewu. Musanachoke pamalopo jambulani galimoto mbali zonse, matayala ndi geji ya mafuta.

Ngati simukufuna kuyendetsa, ulendowu umathekabe, koma mudzi wanu ukhale pa njira ya sitima kapena ya basi yodalirika, ndipo mupezeretu nambala ya munthu wa takisi wa kumeneko. Kumudzi simungaime pamsewu n'kumakweza dzanja.

### 6. Tsiku losamuka lisakhale ndi china chilichonse

Ili ndi sitepe limene ndinaliphunzira ndi misozi ya ana anga. Ulendo wina tinati popeza basi yomaliza ilipo madzulo, tiyambe taona kaye malo amodzi otsala. Tinachedwa pamzere, basi tinaipeza mwamwayi, koma linali Lamlungu. Tinatsika kuli mdima, sitolo imodzi yokha ya m'mudzimo itatseka kalekale, kiyi wa nyumba ali ndi munthu amene foni yake sinkagwira. Wamng'ono anagona pa sutikesi atadya mabisiketi awiri amene anatsala m'thumba la mayi ake. Palibe amene analankhulitsa mnzake mpaka m'mawa.

Chitani motere. Longedzani usiku wake. Mahotela ambiri amatulutsa alendo pakati pa 10 ndi 12 koloko, ndipo nyumba zambiri zimalandira alendo kuyambira 2 kapena 3 koloko masana, choncho mpata wa pakatiwo ndi wa msewu, chakudya ndi kugula zinthu. Musanatuluke mumzinda, kapena pa tawuni yomaliza yaikulu:

- tapani ndalama, chifukwa kumudzi makina otapira ndalama amasowa ndipo ogulitsa ambiri salandira khadi
- gulani chakudya cha madzulo amenewo ndi cha m'mawa wake, madzi, matewera ndi mkaka wa mwana
- dzazani mafuta m'galimoto
- tsitsani mapu a dera lonselo mukadali pa intaneti yabwino

Dziwani kuti mapu a Google Maps otsitsiratu amalondolera njira ya galimoto yokha netiweki ikasowa. Njira za wapansi ndi nthawi za mabasi saonetsa, n'chifukwa chake pepala lija limafunika.

Yesetsani kuti mufike dzuwa lisanalowe, kukadali maola awiri. Musadalire basi yomaliza. Kwerani yonyamuka yomalizayo isanabwere, kuti yomalizayo ikhale yopulumukira. Mwini nyumba muuzeni nthawi yofika ndipo mugwirizane za kiyi tsiku lisanafike. Mwana amene amasanza m'galimoto akhale poona kutsogolo, asayang'ane foni, ndipo muziima pakapita maola awiri aliwonse.

### 7. Kumudzi, siyani mipata

Tsiku loyamba musakwere chilichonse. Zungulirani mudzi wapansi, mudziwe pali sitolo, pokwerera basi, ndi njira zotulukira kuminda. Funsani mwini nyumba kapena wa m'sitolo tsiku la msika, maola otsegula, ndi njira imene ana angaikwanitse. Zimene anthu a pamalopo angakuuzeni m'mphindi zisanu simungazipeze pa foni.

Masiku otsatirawo sinthanitsani: lero kukaona mudzi wina kapena kukwera kaphiri, mawa osapita kulikonse. Tsiku lopanda pulogalamuli lidzakuyabwani m'mawa, makamaka ngati ndinu munthu wokonda kuchonga zimene mwachita. Pirirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pofika masana ana amakhala atapeza chochita, kaya kuponya timiyala m'madzi, kaya kutsatira nyerere, ndipo akadzakula ndi zimenezi zimene amakumbuka, osati nsanja ija munaimira pamzere maola awiri.

Poyenda m'minda nyamukani m'mawa, mutenge madzi, zipewa ndi kachakudya, ndipo bwererani ana akadali ndi mphamvu. Mukadikira kuti atope ndiye n'kutembenuka, njira yonse yobwerera mudzakhala mutabereka wina kumsana.

Kumbukirani kuti mudzi umene inu mukuujambulawo ndi kwawo kwa anthu. Perekani moni, ndipo phunzirani mawu ochepa a chinenero chawo, ngakhale moni ndi zikomo basi. Musajambule munthu, makamaka mwana, osapempha. Musadutse pakati pa mbewu kapena kuthyola chipatso cha mwini. Geti la ziweto lisiyeni mmene mwalipezera. M'nyumba zopemphereramo valani modzilemekeza ndipo tsitsani mawu. Chimene mungagule pamalopo gulani pamalopo.

### 8. Ngozi za kumudzi ndi zina

Mumzinda mumaopa magalimoto ndi opisa m'matumba. Kumudzi yang'anirani madzi, nyama ndi dzuwa.

Mwana asaseweretse galu kapena mphaka wosamudziwa. Akalumidwa kapena kukalidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, kenako thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe, ngakhale balalo lioneke laling'ono. Musadutse pakati pa ng'ombe ndi mwana wake. Mukayenda m'udzu wautali, madzulo yang'anani nkhupakupa m'mutu, kuseri kwa makutu, m'khwapa ndi kuseri kwa mawondo.

Madzi okayikitsa awiritseni abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu. Wina akatsegula m'mimba ndipo mapaketi a ORS atha, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino, azimwa pang'onopang'ono. Musawonjezere mchere poganiza kuti zithandiza msanga. Mwana akafooka, akasiya kukodza, akatentha thupi kwambiri kapena chimbudzi chikakhala ndi magazi, za kunyumba zatha, pitani kuchipatala.

### 9. Bwererani kukadali tsiku

Usiku womaliza gonani pafupi ndi ponyamukira. Msewu wa kumudzi ukhoza kutsekeka ndi mvula, basi ikhoza kusabwera, ndipo ndege siidikira. Galimoto bwezani ndi mafuta monga munagwirizana, muijambulenso.

Polongedza, power bank ipite m'chikwama cha m'manja, osati mu sutikesi yopita pansi pa ndege. Zamadzimadzi za m'chikwama cha m'manja m'mabwalo ambiri a ndege zisapitirire mamililita 100 pa botolo, ngakhale mkaka wa khanda ndi mankhwala amaloledwa mukawaonetsa. Zipatso, mbewu, nyama ndi zina zimene mwagula kumudzi mayiko ambiri saloleza kudutsa nazo malire, ndiye fufuzani musanagule zambiri.

## Zolakwa zimene zimabwerezabwereza

Kuvala nsapato zatsopano ndi cholakwa chaching'ono chimene chimawononga masiku atatu. Matuza akatuluka tsiku loyamba, mzinda wonse mumauonera pa benchi.

Kunyamula masutikesi akuluakulu. Misewu ya miyala ndi masitepe a nyumba zakale sizigwirizana ndi timatayala. Nyamulani zovala za masiku asanu, muchape kumudzi.

Kusiya ntchito yonse kwa munthu mmodzi. Amene anakonza ulendo amakhala ndi matikiti, mapu ndi maadiresi m'foni mwake yekha, ndipo china chikalakwika onse amamuloza chala. Gawanani: wina aziona za mayendedwe, wina za chakudya, mwana wamkulu asunge mapu apepala.

Kudikira kuti ana anene kuti ali ndi njala. Akamanena ndiye kuti mwachedwa kale, ndipo kumudzi malo odyera ambiri amatseka khichini pakati pa masana ndi madzulo. M'chikwama musasowe kanthu kotafuna.

Kukakamiza agogo kuti apite kulikonse. Akanena kuti lero atsala pakhonde, asiyireni madzi, foni ndi nambala yanu. Ndi tchuthi chawonso.

Kuthera ndalama zonse mumzinda poganiza kuti kumudzi n'kotchipa. Pogona mwina n'potchipadi, koma takisi imodzi ya usiku, mafuta, kapena ulendo wa kuchipatala zimadya zambiri mwadzidzidzi. Patulani gawo limodzi mwa magawo 10 a ndalama za ulendo, muliike mu envelopu ina, ndipo musalikhudze mpaka mutatuluka mumzinda.

Kusayang'ana kalendala ya dzikolo. Tsiku la tchuthi cha boma kapena chikondwerero cha pamalopo likhoza kutseka masitolo ndi mabanki, mabasi n'kuchepa, nyumba zogona n'kudzaza. Likagwera pa tsiku lanu losamuka, sunthani kusamukako ndi tsiku limodzi musanalipire pogona.